Wadazi uja wa mu Star Trek ntchito anaiphunzira kwa Shakespeare

Kuyambira 1987 mpaka 1994, mbali yaikulu ya ntchito ya Patrick Stewart inali kulankhula ndi khoma. Ife owonera pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya Star Trek timamuona ali Kaputeni Jean-Luc Picard, ataima m'chombo cha Enterprise, maso ali pa chikanema chachikulu pamene paoneka mdani wa nkhope yamakwinya wochokera kutali m'mlengalenga, zida zitatcheredwa kale. Koma pa tsiku lojambula, mu situdiyo ya Paramount ku Los Angeles, kutsogolo kwa Stewart kunalibe mdani ndipo kunalibe nyenyezi. Kunali chinsalu chopanda kanthu, makamera, nthambo zamagetsi, ndi munthu wina atakhala pambali n'kumawerenga papepala mawu a mdaniyo. Zithunzi zinkaikidwa pambuyo pake. Mkuluyu ankayenera kuyang'ana chinsalucho, kuwongola msana, n'kulankhula ngati miyoyo ya anthu oposa 1,000 a m'chombomo ili m'manja mwake. Akanangokayikira pang'ono, owonera onse akanaona kuti uyu ndi bambo wamkulu wovala zothina amene akusewera m'chipinda cha matabwa.

Anthu ambiri akamafotokoza moyo wa Stewart amaugawa pawiri: katswiri wa zisudzo za Shakespeare ku England, amene kenako anatsata ndalama ku America kukachita masewero opeka a sayansi pa wailesi ya kanema. Ena amanena zimenezi momumvera chisoni, ena momunyoza. Ine ndimaona ntchito imodzi. Masewero a Shakespeare analembedwera siteji yopanda zokongoletsa zambiri. Sewero la Henry V limayamba ndi munthu amene akupempha owonera kuti akamva za akavalo aziwaona m'maganizo mwawo, popeza pa sitejipo sipakwana nkhondo. Munthu amene wakhala zaka zoposa 25 akuchititsa anthu kuona magulu a nkhondo pa thabwa lopanda kanthu, chinsalu cha ku Paramount sichingamuopse.

Stewart anabadwa pa 13 Julayi 1940 ku Mirfield, katauni ka mafakitale a nsalu ku Yorkshire, kumpoto kwa England. Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi pansi ndi china pamwamba, chimbudzi chili panja. Mayi ake, a Gladys, ankawomba nsalu mufakitale. Bambo ake, a Alfred, anali msilikali wa udindo, mkulu wa masajeni m'gulu la asilikali odumpha m'ndege, ndipo mwanayu anayamba kukhala nawo ali ndi zaka 5, nkhondo itatha. Ku usilikali anali munthu wolemekezeka amene akakuwa kamodzi gulu lonse linkaima njo. Kumudzi anabwerera ku ntchito wamba, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankamwa n'kumamenya akazi awo. Stewart wakhala akunena poyera kuti ali mwana ankadziwa nthawi yeniyeni yoti alowe pakati pa makolo ake, komanso kuti anthu amene ankabwera kudzathandiza, apolisi ndi a ambulansi, ankauza mayi ake kuti mwina anawaputa okha bambowo.

Mphunzitsi wake wa Chingelezi, Cecil Dormand, ndi amene anamuika buku la Shakespeare m'manja n'kumuuza kuti aimirire awerenge mokweza, chifukwa limeneli ndi sewero, si nkhani yowerengera mumtima. Mnyamatayo anapeza kuti pa siteji m'pamene panali potetezeka. Pamenepo ankadziwa chimene chichitike mphindi yotsatira, ndipo sankafunika kukhala Patrick Stewart.

Sukulu anaisiya ali ndi zaka 15 n'kulowa utolankhani pa kanyuzipepala ka m'dera lawo. Utolankhani wake unali wa mwendo umodzi: madzulo amene ankayenera kukhala pa misonkhano ya khonsolo ankakhala kokonzekera zisudzo, nkhani n'kumapempha anzake kuti amulembere. Mkonzi atatopa anamuuza kuti asankhe chimodzi, iye n'kusankha zisudzo. Anagulitsako mipando m'sitolo kuti asunge kangachepe, kenako mu 1957 analowa sukulu ya zisudzo ya Bristol Old Vic ndi thandizo la khonsolo ya dera lawo. Kumeneko anasula lilime lake. Mawu aja okhathamira amene anthu amati ndi Chingelezi cha mfumu si amene anayamwira. Kwawo ankalankhula Chingelezi cha ku Yorkshire chimene munthu wa ku London akanavutika kuchimva. Tsitsi nalo linamuthawa asanakwanitse zaka 20, ndipo kwa kanthawi ankaganiza kuti dazilo lamutsekera njira.

Zaka zotsatira ndizidutsa msanga: masewero a m'matauni ang'onoang'ono kuyambira ku Lincoln mu 1959, kenako ulendo wa ku Australia, New Zealand ndi South America ndi gulu la Old Vic limene linali ndi Vivien Leigh. Mu 1966 analowa gulu la Royal Shakespeare Company ku Stratford-upon-Avon, limene linali loto lake, ndipo anakhalamo mpaka 1982.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti m'gulu limeneli Stewart sanali dzina lokopa anthu. Anali munthu wodalirika, wa mbali zachiwiri. Sewero lotchuka la Peter Brook la A Midsummer Night's Dream litapita ku New York mu 1971, iye anali Snout, mmisiri wamba amene amasewera ngati khoma. Mphoto yake yoyamba ya Olivier, mphoto yaikulu ya zisudzo ku London, mu 1979, inali ya mbali yothandizira, Enobarbus, msilikali wa Antony m'sewero la Antony and Cleopatra. Anasewerako Shylock ndi mafumu angapo, koma Hamlet ndi Romeo zinapita kwa ena. Pa wailesi ya kanema ya BBC ankamupatsa mbali za anthu ouma mtima: Lenin mu 1974, Sejanus mu I, Claudius mu 1976. Mu Tinker Tailor Soldier Spy anali Karla, kazitape wamkulu wa ku Soviet Union, ndipo munthu wa mawu okomawa sanalankhule ngakhale liwu limodzi. Pofika zaka 46 anali ndi ulemu pakati pa anzake a ntchito, ndalama zochepa, ndi nkhope imene anthu ankaizindikira osadziwa dzina.

Mwayi unamupeza ku yunivesite ya UCLA, kumene anapita kukathandiza mphunzitsi wina powerenga mbali za masewero pamaso pa anthu. M'gulumo munali Robert Justman, mmodzi wa akuluakulu amene ankakonza Star Trek yatsopano, ndipo anauza mkazi wake pomwepo kuti kaputeni wapezeka. Mwini wake wa Star Trek, Gene Roddenberry, sanafune n'kumva komwe. Iye ankafuna Mfalansa wa tsitsi lake, wamphamvu, osati Mngelezi wadazi. Anakana kwa miyezi, ena onse atayesedwa n'kulephera, mpaka Stewart anaitanidwa komaliza atavala wigi imene inachita kutumizidwa pa ndege kuchokera ku London. Wigiyo sinapite patali. Mtolankhani wina atafunsa ngati m'zaka za m'ma 2300 mankhwala a dazi adzakhale asanapezeke, Roddenberry anayankha kuti nthawi imeneyo anthu sadzasamalanso za dazi. Yankho labwino, lochokera kwa munthu yemweyo amene dazilo linkamusowetsa tulo.

Ian McKellen, katswiri mnzake wa zisudzo amene pambuyo pake anadzakhala bwenzi lake la pamtima, anamulangiza kuti asasaine, chifukwa anali ndi ntchito yofunika pa siteji. Kontilakiti inali ya zaka 6. Womupezera ntchito anamulimbitsa mtima m'njira yachilendo: anati asadandaule, pulogalamuyo sitha chaka, angopita akatole ndalama, awothe dzuwa, abwerere kwawo. Zifukwa zokayikira zinalipo. Anthu okonda Star Trek yakale ya m'ma 1960 sankafuna kaputeni wina kupatula Kirk wa William Shatner, ndipo Paramount inaganiza zogulitsa pulogalamuyo mwachindunji ku nyumba za kanema za m'madera, osadzera ku makampani akuluakulu. Gawo loyamba linaonetsedwa pa 28 Seputembala 1987. Stewart anakhala masabata 6 katundu ali m'sutikesi, kuyembekezera kuchotsedwa. Magawo anakwana 178.

Chaka choyamba sichinali chokoma, ndipo Picard wa nthawi imeneyo ndi munthu wouma, wokalipa, wodana ndi ana. Kuumako kwina kunali kwa Stewart mwini. Anazolowera mwambo wa ku Stratford, ndipo anzake a ku America, Jonathan Frakes, Brent Spiner ndi ena, ankaseka ndi kuchita nthabwala pakati pa ntchito. Tsiku lina anawasonkhanitsa n'kuwadzudzula ngati mphunzitsi wamkulu pa asembule. Mmodzi wa iwo, Denise Crosby, atanena kuti nthawi zina munthu amafunika kusangalalako, iye anayankha kuti sanabwere kudzasangalala. Onse anafa nacho chiseko, iye n'kutuluka mokwiya. Nkhaniyi amaifotokoza yekha masiku ano, ndipo amati anzakewo ndi amene anamuphunzitsa kuti ntchito yabwino ndi kuseka zimatha kuyendera limodzi. Zovala nazo zinkamuzunza. Zinasokedwa mothina dala kuti zisachite makwinya, mpaka womuona msana anamuchenjeza. M'chaka chachitatu anazisintha kukhala jekete ndi thalauza, ndipo kukoka jekete kuja kumene Picard amachita akaimirira kunatchuka kuchokera pamenepo.

Nanga anabweretsa chiyani? Choyamba ndi kalankhulidwe. Olemba Star Trek ankadzaza masamba ndi mawu a sayansi yopeka, mayina a makina amene kulibe ndi mphamvu zimene palibe anaziyezapo. Wosewera wamba amawathamangira mawu otere kuti athane nawo. Stewart ankawagwira mmene ankagwirira ndakatulo za zaka 400: kupeza liwu limene lanyamula ganizo, kupuma pamalo pake, kufika kumapeto kwa chiganizo mpweya ukadalipo. Chachiwiri ndi kakhalidwe ka munthu waudindo. Atatopa ndi atolankhani omufunsa ngati sakudzitsitsa, anayankha kuti zaka zonse zimene anakhala pa mipando ya mafumu a England pa siteji zinali kukonzekera mpando wa kaputeni. Ena anaona ngati akuseka. Koma taonani mmene amakhalira pa mpandowo: sakuwa, satambasula manja, amamvetsera aliyense mpaka amalize, kenako amagamula ndi mawu ochepa. Pa siteji, ufumu wa munthu umaoneka ndi mmene ena akumuyang'anira, ndipo iye ankadziwa kuwasiyira mpata woti amuyang'ane.

Olembawo atazindikira munthu amene ali naye, anayamba kumulembera zomuyenera. Mu 1989 kunabwera gawo la The Measure of a Man, limene lonse ndi mlandu: kodi Data, munthu wopangidwa ndi makina, ndi katundu wa boma woti angathe kumuphwasula, kapena ali ndi ufulu wokana? Mulibe kuwomberana. Muli chipinda, woweruza, ndi Picard amene Guinan, woseweredwa ndi Whoopi Goldberg, wamutsegula maso kuti nkhani yeniyeni ndi ya ukapolo. Mu 1990 Picard anagwidwa ndi a Borg, adani a theka munthu theka makina, amene anamusandutsa chida chophera anthu ake omwe. Masewero a pa kanema a nthawi imeneyo ankakonda kuti sabata yotsatira zonse ziiwalike. Apa ayi. Gawo lotsatira, Family, linamutengera kwawo ku munda wa mphesa ku France, kumene anamenyana ndi mkulu wake m'matope, kuseka kwawo n'kusanduka kulira, akuvomera kuti anayesetsa kukana koma mphamvu zinamuchepera. Paja Picard ndi Mfalansa, ngakhale amalankhula ngati wa ku London ndi kumwa tiyi wa Earl Grey, ndipo palibe anavutikapo kufotokoza chifukwa chake.

Gawo limene ine ndimaliika pamwamba pa onse ndi mbali yachiwiri ya Chain of Command, ya mu Disembala 1992. Picard wagwidwa ndi a Cardassia, adani a dziko lina la m'mlengalenga, ndipo waperekedwa kwa mkulu wozunza akaidi, Gul Madred. Amuvula, amumana chakudya ndi tulo, amuika kachipangizo m'thupi kobweretsa ululu. Kumbuyo kwa Madred kuli nyali 4, ndipo chimene akufuna n'chakuti Picard anene kuti zilipo 5. Zinsinsi za nkhondo zatha ntchito, chatsala n'kuthyola munthu. Stewart, amene wakhala akuthandiza bungwe la Amnesty International kwa zaka zambiri, anakonzekera poonera umboni wa anthu amene anazunzidwapo. Madred anaseweredwa ndi David Warner, amene anali Hamlet wa Royal Shakespeare Company pamene Stewart ankalowa m'gululo mu 1966 n'kupatsidwa kambali kakang'ono m'sewero lomwelo. Warner anaitanidwa kutatsala masiku ochepa, moti mawu ake ankawawerenga pa zikwangwani zobisidwa kumbuyo kwa kamera, koma simungadziwe. Chimene mukuonera ndi amuna awiri a ku Stratford, tebulo, ndi chipinda chamdima. Madred amalowetsa mwana wake wamkazi m'chipindamo n'kumacheza naye mwachikondi, kaidi ali pomwepo. Amadya kadzutsa, amakamba za ubwana wake wa njala. Picard akumasulidwa amakuwa kuti nyali zilipo 4, ndipo pamenepo sewero lina lililonse likanathera, ngwazi itapambana. Koma pamabwera kachigawo kena, Picard ali ndi mlangizi Troi, akuulula chimene sanalembe mu lipoti: anali atatsala pang'ono kunena chilichonse, ndipo choopsa kwambiri, anayambadi kuona nyali 5. Stewart amanena mawu amenewa motsitsa, osalira. Ndikaganiza za mwana uja wa ku Mirfield amene ankaona mwamuna waulemu akusanduka chilombo m'nyumba, sindidabwa kuti ankadziwa mmene wozunza amalankhulira mofatsa.

Walira mvula walira matope. Magawo 26 pafupifupi chaka chilichonse, lililonse lojambulidwa m'sabata imodzi, kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, sizisiya malo a moyo wina. Banja lake loyamba, la zaka 24, linatha mu 1990. Opereka mphoto za Emmy, za mapulogalamu a pa wailesi ya kanema ku America, sanamuike ngakhale pa mndandanda wa opikisana chifukwa cha Picard, zimene kwa ine zimangoonetsa mmene ankaonera masewero a zombo za m'mlengalenga: zoseweretsa ana. Ndipo nkhope inamata. Iye amakamba za wotsogolera filimu wina ku Hollywood amene anamuyamikira kuti ndi katswiri, kenako n'kumufunsa kuti angafunirenji Jean-Luc Picard mufilimu yake.

Poopa kuti siteji imuiwala, anadzipangira yekha ntchito yoti azichita masiku opuma. Anatenga nkhani ya Charles Dickens ya A Christmas Carol n'kuisandutsa sewero la munthu mmodzi, iye yekha kusewera anthu oposa 30, ndi tebulo ndi mipando yochepa basi. Linafika ku Broadway, likulu la zisudzo ku New York, mu 1991 ndi ku London mu 1993, ndipo linamupatsa Olivier yachiwiri. Apa m'pamene phindu la Star Trek linayamba kubwerera ku siteji, chifukwa amene ankadzaza mipando ambiri anali oti sanalowepo m'nyumba ya zisudzo. Anabwera kudzaona kaputeni, n'kupeza Dickens.

Mu 1997 ku Washington anachita chinthu chimene mpaka lero anthu amatsutsana nacho. Ankalakalaka kusewera Othello, msilikali wakuda wa m'sewero la Shakespeare, koma nthawi yoti mzungu azidzipaka zakuda kumaso inali itapita, ndipo mpake. Ndiye anatembenuza zinthu: iye Othello woyera, pafupifupi ena onse akuda. Ine ndimaona kuti nzeruyi inathandiza iye kuposa seweroli, chifukwa chidani chimene Othello amakumana nacho chili ndi mbiri yake imene situnuzika ngati chovala. Komabe osewera akuda ambiri anapeza mbali zimene kawirikawiri sapatsidwa. Mu 2000 kunabwera X-Men, mmene ambiri a ife tinamudziwira, Pulofesa Xavier wa pa njinga ya olumala, McKellen ali mdani wake Magneto. Womulangiza uja kuti asapite ku Hollywood anali atafikanso komweko.

Zaka zimene zimanditsimikizira kuti McKellen analakwitsa ndi za 2006 mpaka 2009. Stewart anabwerera ku Royal Shakespeare Company ali ndi zaka 65, ndipo ulendo uno sanalinso Enobarbus, anali Antony mwini wake, komanso Prospero. Mu 2007 anasewera Macbeth ku Chichester motsogozedwa ndi Rupert Goold, sewero limene linapita ku London ndi ku New York n'kumuika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Tony, ya zisudzo za ku Broadway. Amene munalimbana ndi Macbeth pa mayeso a MSCE n'kumuona ngati chilango, mufunefune filimu ya seweroli ya 2010. Nkhani yaikidwa m'dziko lofanana ndi la Stalin, afiti aja ndi manesi a m'chipatala cha asilikali, ndipo Macbeth amalamula kuti Banquo aphedwe uku akudzikonzera sangweji, n'kugawirako akuphawo. Stewart wa 1980 sakanayerekeza kuchita zimenezo. Kumasuka kumeneko, komanso kudziwa kuti kamera ndi owonera amaona ngakhale kuphethira kwa diso, anakutenga ku Los Angeles.

Mu 2008 anali Claudius, komanso mzimu wa bambo a Hamlet, pamene Hamlet anali David Tennant, amene nthawi imeneyo ankasewera Doctor Who. Akatswiri awiri a nkhani zopeka za sayansi pa siteji imodzi ku Stratford. Matikiti anatha msanga, ndipo panali ena odandaula kuti nyumba ya zisudzo yadzaza ndi anthu olakwika. Sindidziwa kuti munthu wolakwika pa sewero la Shakespeare amaoneka bwanji, popeza mwini wakeyo ankalembera aliyense wolipira khobidi limodzi n'kuima pabwalo. Stewart anatenga Olivier yachitatu. Chaka chotsatira iye ndi McKellen anachita Waiting for Godot, ndipo mu 2010 Mfumukazi Elizabeth inamupatsa ulemu wa Sir.

Nkhani ya bambo ake inadzatembenuka mu 2012, pa pulogalamu ya BBC yofufuza mbiri ya mabanja. Kumeneko anaonetsedwa umboni wakuti a Alfred anabwera kuchokera ku nkhondo ya ku France mu 1940 atasokonezeka maganizo ndi zimene anaona, matenda amene nthawi imeneyo asilikali ankangouzidwa kuti alimbe mtima. Stewart sananene kuti zimenezi zikufafaniza mlandu. Anapitiriza kuthandiza Refuge, bungwe loteteza amayi ochitiridwa nkhanza, m'dzina la mayi ake, n'kuyambanso kuthandiza Combat Stress, losamalira asilikali ovulala m'maganizo, m'dzina la bambo ake. Wanenaponso kuti zina mwa zimene anaika mwa Picard, ndi mwa Macbeth, zinachokera kwa msilikali ameneyu.

Za ukalamba wake ndili ndi maganizo awiri. Mu Logan, filimu ina ya X-Men ya mu 2017, anasewera Xavier wokalamba, ubongo ukuzima, wotukwana, wofuna kunyamulidwa popita kuchimbudzi, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zake zabwino kwambiri. Star Trek: Picard, imene inayamba mu 2020 n'kutha mu 2023, sinandigwire mtima chimodzimodzi. Zaka ziwiri zoyambirira zinadzaza ndi kuthamanga ndi kuphulika, pamene mphamvu ya munthuyu ili pa kukhala m'chipinda n'kulankhula. Chaka chachitatu anabweza anzake akale onse, ndipo chinakoma, ngakhale kukoma kwake kunali kwa kukumana kwa anthu amene anasowana. Chimene chinandisangalatsa koposa m'zaka zimenezo chinali chaching'ono: nthawi ya Covid-19, anthu atatsekeredwa m'nyumba, ankawerenga ndakatulo zifupizifupi za Shakespeare pa intaneti, imodzi pa tsiku, mawu atayamba kusasa, akalakwitsa n'kubwereza osachita manyazi.

Atamaliza Logan ananena kuti Xavier wamutsanzika. Mu 2022 anaonekanso pa njinga ija mufilimu ya Doctor Strange, ndipo mu Marichi 2025, ali ndi zaka 84, kampani ya Marvel inalengeza dzina lake pa mndandanda wa osewera mu Avengers: Doomsday, pamodzi ndi la McKellen.